Msana wa Mkamwini Wanga

Ikani mafoniwo pansi, ana inu. Iwe Tadala, ndati pansi, osati pamwendo. Mwandiputa nokha ndi kanema wanuyo, ndiye mumva mpaka ndimalize. Chisomo akundionetsa kamtsikana kovala duwa kukhutu, kakusisita mzungu pamsana, nyimbo ikulira chapansipansi, ati, "Gogo, taonani, iyi ndi lomilomi, masaji ya ku Hawaii, imachiritsa thupi ndi mtima womwe, tidzakulipirirani pa tsiku lanu lobadwa." Kundilipirira ine? Ine Nambewe? Koma abale inu! Mikono yokwinyikayi inachita lomilomi inu mukadali ndi mamina m'mphuno. Ndipo pakanapanda mikono imeneyi, bwenzi nonse atatu mutakulira ku Mchinji kwa azakhali anu, mayi anu mukungowamvera pa foni. Matikiti a ndege anali atagulidwa kale. Yamikani, usandiyankhe m'Chingerezi, ndikudziwa kuti ukumva.

Kutikita thupi sindinayambire kuno ku Dublin ayi. Mayi anga ankathowa anthu kwathu ku Ntchisi. Mzimayi akachira, iwo ankatereka madzi mumphika wadothi, n'kuviika kansalu, n'kumamudinda m'chiuno ndi pamimba mpaka thukuta kamukamu. Mafuta ake anali a nsatsi, zokazinga ndi kusinja tokha, onunkha moti ngakhale galu ankakulambalala. Amuna akabwera wapansi kuchokera ku maesiteti a fodya ku Kasungu, miyendo itatupa, ankafikira pakhonde pa mayi anga asanakaone n'komwe akazi awo. Inu lero khosi likangouma pang'ono chifukwa choweramira foni, mwathamangira ku famase.

Koma panali munthu mmodzi amene mayi anga sakanamugwira ngakhale akanamupeza akubuula panjira. Ameneyo ndi mkamwini wawo. Mwambo wathu unali wotero: mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, sakhala mphasa imodzi. Ine ndinaona ndi maso angawa mwamuna wanga, malemu agogo anu aamuna, akulumphira m'tchire pothawa kukumana ndi mayi anga panjira ya kudambo. Tsoka ilo m'tchiremo munali chitedze. Anadzikanda mpaka dzuwa kulowa, koma mudzi wonse unati ameneyu ndiye mkamwini woleredwa. Musaseke. Sichinali chidani, unali ulemu. Iwe Tadala, kamnyamata kako kaja kanabwera kuno n'kundikumbatira ngati ndine mnzake wa kusukulu, ndinangotsala pang'ono kukomoka. Komatu kumudzi bwalo ndi lalikulu, tchire lili ponseponse, pothawira sipasowa.

Ndiye tangoganizani mwambo umenewo mutaunyamula n'kuulowetsa m'kanyumba kathu kaja ka ku Clondalkin. Ndinabwera kuno Yamikani atangobadwa, kudzakulerani, chifukwa mayi anu ankagwira unesi kuchipatala chachikulu cha ku Beaumont, mabasi awiri kupita, awiri kubwera. Bambo anu ankamanga nyumba. Masiku amenewo mzinda wonse unali fumbi la simenti, ntchito zinkachita kukusaka. Kuimba foni kumudzi tinkagula kakhadi kokanda ndi chikhadabo, n'kumakuwa ngati tikuitana munthu wa kutsidya kwa mtsinje, mawu ako n'kumakubwerera wekha.

Masitepe a nyumba ija anali opanikiza, anthu awiri osapatukirana. Ndikafuna kutsika ndinkayamba ndakhosomola pamwamba, kuti ngati bambo anu ali pansi athawire m'khitchini. Galimoto yawo ikangolira panja madzulo, ine ndinkatola jekete n'kutulukira khomo lakumbuyo, kukaima pafupi ndi mabini, kamvula ka kuno kosadziwa nyengoka kakundinyowetsa. Ndinkaima mpaka ndimve kuti akwera kuchipinda. Nthawi zambiri ankachedwa kutsika m'galimotomo, ine n'kumati akumvera mpira pa wailesi. Zokambirana zathu zonse zinkadzera mwa mayi anu. "Uwauze bambo a Tadala kuti gasi watha." "Uwauze amayi kuti ndamva." Amayi a kutchalitchi kwathu, Amalawi ndi a ku Zambia omwe, ankati nyumba ya a Nambewe ndiye ya mwambo. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Kenako kunagwa chija ankachitcha risesheni. Njala ya kwathu umaiona ikubwera, chimanga chikufota m'munda. Ya kunoyi inafika masitolo ali odzaza tho. Nyumba zinangoima zomangidwa theka, mazenera ali yasa, udzu n'kumera pamchenga. Bambo anu anawauza kuti mawa asabwere. Malipiro a manesi anadulidwa, koma ngongole ya nyumba palibe anaidula. Amene anadya ndalama za dzikoli anali a masuti, koma opweteka m'mimba tinali ife. Mpaka lero ndikawaona pa TV akumwetulira, ndimafuna kuponya silipasi.

Bambo anu si munthu waulesi. Anapeza ntchito ku eyapoti, kufupi ndi Swords, yokweza masutikesi m'mimba mwa ndege. Mmenemo munthu saimirira, amagwira chogwada, akukoka katundu wa anthu onyamula ngati akusamuka. Inenso ndinayamba kukolopa pahotela ina m'tauni, masiku amene mayi anu anali pa ofu.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Malia. Anali mayi wamkulu ngati ine, wa ku Hawaii kwenikweni, amene anakwatiwa ndi mzungu wa kuno woyenda pa sitima zapamadzi. Kachipinda kake kotikitiramo anthu kanali pansi pa hotelayo, ndipo ine ndinkamuchapira matawulo. Tsiku lina anandipeza ndikudzifinya phewa ndi mpini wa mopu, n'kundiuza kuti ndigone patebulo pake. Ndinakana, ndinati ine si mzungu. Anandikoka dzanja ngati mwana. Nditadzuka pamenepo ndinamugwira mkono wake n'kumuonetsa mmene mayi anga ankadindira m'chiuno. Anaseka mpaka misozi. Chingerezi changa chinali chothyokathyoka, koma manja athu ankamvana, ndipo kuyambira pamenepo makasitomala akasowa ankandiphunzitsa. Ankasowa kawirikawiri, poti munthu amene ntchito yamuthera sakalipira kuti amusisite.

Lomilomi si kutsinatsina ndi zala ngati mmene muchitira inu ndikakupemphani kuti mundigwire mapewa. Umagwiritsa mkono, kuyambira pachigongono mpaka padzanja, utapaka mafuta a kokonati. Umauyendetsa kuchokera paphewa mpaka kuchidendene ulendo umodzi, n'kubwereranso osadukiza, thupi lako lonse likutsatira, ngati mmene timazirira pansi m'nyumba. Usanayambe umapemphera. Ndipo usanafinye paliponse, umamufunsa munthuyo kuti, "Chikukulemera mumtima n'chiyani?" Malia ankati kwawo agogo ake sankagwira wodwala ngati m'banja muli nkhani. Ankayamba aitana onse, aliyense anene chakukhosi, akhululukirane, kenako ndiye mafuta. Ankati chimene munthu wameza osachinena chimakamanga mfundo mumnofu, ndipo ungakande bwanji, mfundoyo simasuka. A pahotelapo ankamuuza kuti asiye zopempherazo ndi mafunsowo, angovala duwa n'kumamwetulira. Duwa lakolo, Chisomo, Malia ankaliponya m'bini bwana akangotembenuka.

Hotela itatseka zipinda zapansizo, Malia anabwerera kwawo. Anandisiyira tebulo lake lopinda, loboola kumutu kuti munthu azilowetsapo nkhope akagona chafufumimba. Ndinakwera nalo basi, dalaivala akundiyang'ana ngati ndanyamula chitseko chakuba, n'kukalibisa kuseri kwa wadirobu.

Nyengo yozizira koopsa ija, sinoo atatseka misewu, bambo anu anabwera masana atawagwirizira anzawo awiri. Msana unali utagwira ali m'ndege momwemo. Masitepe sakanakwera, ndiye anawagoneka pansi m'chipinda chochezera. Adokotala anapereka mapilisi n'kunena kuti adikire kudzaitanidwa kwa owongola mafupa, koma odikira anali ambiri. Bwana wa ku eyapoti anati mwezi ukatha asanabwerere, malo apatsa wina, poti ofuna ntchito anali ngati nyerere. Masiku ankapita, munthu ali gone, kutembenuka kokha mpaka kukuwa.

Tsiku lina mayi anu analowa kuchipinda kwanga maso ali psu.

"Amayi, bambo a Tadala aganiza kuti ana apite ku Mchinji kwa achemwali awo mpaka zinthu zidzakhale bwino. Inu muwaperekeze, mukakhale nawo konko. Zipinda ziwirizi tiikamo ana a ku yunivesite azilipira lendi. Matikiti atenga kale, ndi a kumapeto kwa mwezi uno."

Mpaka zinthu zidzakhale bwino! Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndinaonapo ana a anzathu atapita choncho, n'kudzabwera ndevu zitamera, akutchula mayi awo owabala kuti anti. Iwe Yamikani unali usanayambe n'komwe kumanga chiganizo. Ukanaiwala nkhope ya mayi ako mvula isanagwe kawiri. Mtima unandiwawa, ndipo ndinakwiya kwambiri.

Kutacha, awiri akuluakulunu mutapita kusukulu, ndinatsika n'kukaima pakhomo la chipinda chochezera, nditayang'ana khoma monga mwa mwambo. Mayi anu anaima pakati.

"Uwauze bambo a Tadala kuti msanawo ndingathe kuuyesa. Ndinaphunzira."

Mayi anu asanatsegule pakamwa, mawu anachokera pansi paja. "Uwauze amayi kuti zikomo, koma zimenezo sizichitika. Anthu angamve bwanji?"

"Uwafunse ngati anthuwo ndi amene adzalere anawa."

"Uwauze amayi kuti ine ndinaleredwa."

Apo ndiye zinandikwana. Munthu akulephera kupita yekha kuchimbudzi, ana ake akukwezedwa ndege, iye akundiuza za kuleredwa! Ndinamukankhira pambali mwana wanga n'kulowa.

"Bambo, ndikuyankhula ndi inu, osati ndi mwana wangayu. Vulani malayawo."

Mayi anu anagwira pakamwa. Bambo anu anakoka bulangete n'kudzifunda kumutu ngati mwana woopa jekeseni. Koma kothawira kunalibe, miyendo inali itawakana, ndipo m'Clondalkin mulibe tchire la chitedze. Tinatambasula tebulo la Malia, n'kuwakweza ine ndi mayi anu, iwo akubuula. Mulungu adalitse amene anaganiza zoboola tebulo limenelo, chifukwa nkhope yawo inayang'ana pansi, manyazi n'kuchepako theka.

Ndinapemphera. Musaganize kuti kwa ine zinali zophweka. Mayi anga ndinkawaona m'maganizo akundiyang'ana. Msanawo unali gwa ngati thabwa. Ndinafunsa monga anandiphunzitsira Malia.

"Bambo, chikukulemerani mumtima n'chiyani?"

"Palibe, Amayi."

Ndinayendetsa mikono mpaka mapewa anga kuwawa, koma mnofu osagonja. Mawa lake chimodzimodzi: palibe, Amayi. Mkuja wake: palibe, Amayi. Mwezi ukutha, masutikesi anu mayi anu ayamba kale kulongedza, akulira mobisa m'bafa. Tsiku lina ndinaima pakati pa ntchito n'kupukuta manja.

"Bambo, mukunditayitsa mafuta. Amene anandiphunzitsa anati munthu wobisa chakukhosi sachira. Ngati mwatsimikiza kufera patebulo pano ndi palibe wanuyo, nenani, ndikachape mbale."

Mayi anu anali pampando atagwira botolo la mafuta. Kenako bambo anu anayamba kuyankhula, mawu akutulukira pabowo paja, ngati akuuza kapeti.

"Amayi, nyumba ino ndimailipira ine, koma sindikhalamo. Chibwerere inu, chakudya chamadzulo ndimagula m'njira n'kudyera m'galimoto. Ndimadziwa kuti ndikalowa msanga n'kukhala patebulo, inu muima nthawi yaitali pamvula. Ndiye ndimakhala panja, injini yozimitsa poopa petulo, kuzizira kukundilowa m'chiunomu, kenako ndilowe n'kuthamangira kuchipinda. Ana anga sindidya nawo. Homuweki yawo sindiiona. Ndatopa, Amayi. Koma apongozi sathamangitsidwa. Ndiye msanawu utagwira ndinati, ndalama zavutadi, ana apite. Ana akapita, amayi apita nawo. Mwina ndipumeko."

Ana inu, ndinafuna kuwaphwanya ndi botolo lija. Ha! Ana atatu kuwawolotsa nyanja, kuwalanda kwa mayi wawo, chifukwa mwamuna wandevu walephera kutsegula pakamwa n'kunena kuti, Amayi, ndikufuna kudyera patebulo langa!

"Ndiye mukundiuza kuti inu mumazizidwa m'galimoto kutsogolo pondilemekeza ine, ine ndikunyowa pamabini kumbuyo pokulemekezani inu, nyumba yofunda ili pakati, hita ikungoyakira mipando? Zaka zonsezi? Ndani anatilodza ife?"

Mayi anu anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. Ine ndinaika chigongono pambali pa fupa la msana, pamene panali mfundo yaikulu, n'kutsamira ndi mkwiyo wanga wonse. Bambo anu analira mokweza, kulira kwenikweni, osati kwa ululu wokha. Ndinamva mnofu uja ukufewa pansi pa mkono wanga. Sindinena kuti anadzuka n'kuthamanga, bodza sindilifuna. Koma madzulo a tsiku limenelo anakhala tsonga okha, ndipo m'masiku otsatira anayamba kuyenda atagwira khoma.

Tsono mverani za anthu aja bambo anu ankawaopa. Tsiku lina masana tili pantchito yomweyo, chitseko chinatseguka. Anali Mayi Tembo a ku Chipata, mkulu wa amayi kutchalitchi kwathu, atabwera ndi chitenje chotsanzikira komanso kudzapempherera ulendo wanu. Anapeza mkamwini ali chifuwa pamtunda, ine mikono ili nyezinyezi ndi mafuta mpaka m'zigongono.

"Awe shuwa! N'chiyani ichi manje, a Nambewe? Mkamwini wanu?"

"Lowani, Mayi Tembo, mukulowetsa mphepo. Mwana wanga ali apayu, simukumuona?"

Sanalowe. Chitenje chija anabwerera nacho. Pofika Lamlungu nkhani inali itazungulira Dublin yense, ndipo inawoloka mpaka ku Ntchisi, moti mchimwene wanga, munthu amene sanandiimbirepo chichokere, anapeza ndalama ya foni kuti andifunse ngati ndapenga. Ankati masaji ndi ntchito ya atsikana oyendayenda a m'tauni, ndipo Nambewe waiyambira pa mwamuna wa mwana wake. Ine, nkhalamba ya imvi! Mapemphero atatha, amayi anandikhazika pakati muholo ya sukulu imene tinkachita lendi. Anati ndivule duku loyera la amayi mpaka nditalapa pamaso pa mpingo.

Ndinawafunsa kuti, "Munthu uja wagona pansi masabata onsewa. Mwa inu nonse, ndani anabwera ndi paketi ya shuga? Ndani anati ana asapite, tithandizana? Munamva za matikiti, n'kugula chitenje chotsanzikira. Kutsanzika ndiye mumatha! Lero mwamva za mafuta, nonse mwapeza ya basi."

Mayi Tembo anati, "Koma mwambo, amama."

Ndinati, "Mwambowo ndausunga ine pamvula, inu muli m'nyumba zanu zopanda akamwini. Musandiphunzitse."

Ndinamasula duku ndekha, n'kulipinda bwinobwino, n'kuliika pampando. Linandipweteka, ana inu, chifukwa duku limenelo ndinalivala koyamba mayi anu asanabadwe, ndipo ndinkati adzandiika nalo m'manda. Sindinapepese, ndipo sindidzapepesa. Akafuna akandinenere kumwamba, ndikayankha konko.

Koma za matikiti bambo anu sananene kanthu. Mukuwadziwa, mawu amawatuluka ngati akugula. Anabwerera kuntchito mwezi usanathe, akuyenda chowerama ngati nkhalamba, ine n'kumawatikita akaweruka. Tsiku lina ndili pamsana pawo ndinawauza kuti, "Bambo, ngati vuto ndi ine, ndipita ndekha. Anawa asiyeni ndi mayi wawo." Anangoti, "Ndamva, Amayi." Mayi anu akawafunsa, ankati ndalama za matikiti sizibwezedwa, ndipo ntchitoyo sinakhazikike, msana ungagwirenso. Masutikesi anatsitsidwa n'kuima m'khonde.

Tsiku la ulendo linafika. Bambo anu anapita ku shifiti ya m'mawa, atanena kuti masana abwera kudzatitenga. Tinakusambitsani, n'kukuvekani majekete. Tadala anali atatupa maso, Chisomo atakumbatira chidole chimene tinamuuza kuti sichikwana m'chikwama. Iwe Yamikani unkangosewera ndi zipi ya sutikesi, osadziwa kanthu. Mayi anu anakunyamula n'kumakununkhiza m'mutu. Tinakhala m'chipinda chochezera, kudikira. Masana anadutsa. Mayi anu anaimba foni, osayankhidwa. Anaimbanso. Ine mtima unali m'malere, ndinkati msana wagwiranso, kapena galimoto yaterereka pa sinoo. Nthawi yonyamukira ndege inakwana tili pamipando, majekete ali m'thupi.

Chakumadzulo galimoto inalira panja. Miyendo yanga, mwa chizolowezi, inanyamuka yokha kulunjika khomo lakumbuyo. Koma ulendo uno sanachedwe m'galimoto. Analowa atavala chijekete chawo chachikasu cha kuntchito, n'kundipeza ndagwira chitseko.

"Amayi, musatuluke."

Mayi anu anayamba kukalipa kuti foni yawo ndi ya chiyani, koma iwo anakweza dzanja.

"Masana ndinafika pagalimoto kuti ndidzakutengeni, makiyi ali m'manja. Ndinalephera kutsegula. Ndinabwerera kukapempha ovataimu, n'kundiika pandege yomweyo. Katundu wake ndakweza ndine, Amayi, ndi msana womwewu. Sutikesi iliyonse ndimaiwerenga dzina, n'kuthokoza Mulungu kuti si la mwana wanga. Ndege ija yapita. Pano sachoka munthu. Inunso simuchoka."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwakalipire, chifukwa munthu wanzeru akanaimba foni, osati kusiya ana akutuluka thukuta m'majekete tsiku lonse. Ndinakweza mutu, ndipo iwo sanayang'ane kumbali. Tinayang'anana kumaso koyamba. Munthu ameneyu anakwatira mwana wanga, anandiberekera zidzukulu zitatu, ndinagona naye denga limodzi zaka zonse zija, msana wake ndinkaudziwa fupa lililonse. Koma ndinali ndisanadziwe kuti bambo anu ali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere.